Mano a Galimoto ya Che Twalibu

Che Twalibu aimika galimoto pa Jeppe Lachiwiri m'mawa.
"Mphwanga, mano awa asuwa,
anthu pa Park Station ayamba kundiyesa wakutha.
Upake wakuda wonyezimira. Lachisanu ndikunyamuka."

Zomangira zisanu ndi chimodzi, ziwiri n'zothyoka kale.
Ndagulula gilili, ndaigoneka pa matayala.
N'pulasitiki iyi, si chitsulo,
utoto wotsala pa geti uja sungagwirepo,
ungafundule ngati njoka dzuwa likangouwomba.

Kwa Mayi Govender ku Fordsburg zitini zandanda mpaka kudenga.
Wakuda yekha alipo mitundu itatu.
Wonyezimira ndi kazitape,
kachipsera kalikonse amakaulula kwa odutsa.
Wosawala amamwa fumbi, sachedwa kukalamba.
Ndatenga wapakatiyo.
Che Twalibu adzalalata, koma pofika pa Musina adzakhala ataiwala.
Ndawonjeza pulayimala wa pulasitiki, tepi, sandipepa mitundu iwiri,
chenji ndagula chingwa.

Sopo wotsukira mbale, madzi a m'ketulo, mswachi wotha.
Thabiso waimirira pamenepo, chitini chili m'manja,
akuti tifaire basi, ndani adzaone?
Ndamuuza akhale pansi.
Utoto sunamizika, mwana iwe,
umadziwa pamene padutsa ulesi.

M'timabowo mwatuluka zambiri.
Mapiko a ngumbi ouma gwa,
mwendo wa chiwala,
kanthenga, mwina ka njiwa ya ku Tete,
ndi dothi lofiira lomwe ndalizindikira ndisanalinunkhize.
La pa Zobue ili. Kapena la pa Mwanza penipeni,
paja amayi amagulitsa manachesi pa zenera.
Galimoto iyi imafika kwathu kawiri pa mwezi,
ine chaka chachisanu ndi chiwiri chino.
Madzi a m'beseni afiira.
Ndachedwa kuwataya.

Kenako kupala.
Sandipepa wokhakhala poyamba, wosalala pambuyo, zonse ndi madzi.
Mabowo makumi asanu ndi atatu mphambu anayi,
ndawerenga, poti lililonse limafuna chala chakechake.
Supala kuti iwale ayi,
umapala kuti kuwala kwakale kuchoke,
chatsopano chipeze pogwira.
Madzulo foni yanga yakana chala changa,
ikuti sikundidziwa.

Lachitatu kwacha ndi chisanu cha Juni,
madzi aundana m'paipi, magetsi kulibe, kompulesa ili zii.
Utoto umadana ndi kuzizira ngati ife tomwe.
Chitini ndachiviika m'madzi ofunda,
ndadikira dzuwa lidumphe khoma la fakitale.
Ndapukuta komaliza ndi kansalu koyera,
kuyambira apa osagwiranso ndi dzanja,
ngakhale thukuta ndi mafuta.
Chizindikiro cha pakati ndachikulunga ndi tepi ndi nyuzi yadzana.

Ulendo woyamba ngati nkhungu chabe,
pansi pazioneka.
Thabiso akuti ndikuumira.
Mphindi khumi, fodya mmodzi wa Thabiso,
ulendo wachiwiri, wachitatu,
dzanja liziyenda, lisaime,
ukaima utoto umalira,
ndipo misozi yake siipukutika, imachita kupalidwanso.

Pomaliza ndaitembenuza.
Kuseri, kumene kumayang'ana injini,
kumene sikudzafika diso la Che Twalibu kapena la wapolisi,
ndafairako pang'ono, ndadindapo chala chachikulu.
Mizere kulibe, sandipepa adadya.
Kadzenje kosalala basi.

Lachisanu abwera, ayang'ana, atsonya.
"Si wonyezimira uyu."
Alipira, kuchotsako makumi awiri.
Pamwamba amanga mafuliji, matilesi, njinga ya mwana wa winawake.
Galimoto yakhotera ku msewu wa kumpoto ikumwetulira,
chala changa chili kuseri kwa mano ake.
Pa Beitbridge palibe adzachifunse pepala.